Mayi, musamuuze mwana wanu kuti akane malowo

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi amene mwana wake wamkazi ali m'chaka chachiwiri pa yunivesite, akuphunzira za akawunti. Mwanayo wapatsidwa malo pa ndondomeko imene boma limalipira ophunzira kuti azigwirako ntchito maola ochepa uku akuphunzira. Mayiyu akuti: "Ine ndamuuza kuti akane, ndinamutumiza kukawerenga osati kukagwira ganyu. Bambo ake akuti avomere chifukwa ndalamazo zithandiza pakhomo, komanso akamaliza boma limulemba ntchito. Tichite chiyani?"

Makalata otere sasowa masukulu akangotsegulira, ndipo mkangano wake umakhala womwewu. Mayi, mwanayo avomere. Koma asavomere pa zifukwa zimene bambo ake akunenazo.

Boma siliika ndalama m'ndondomeko zimenezi chifukwa cha chifundo chokha. Olemba ntchito safuna munthu amene sanagwirepo ntchito, pomwe wophunzira sangazolowere ntchito popanda womulandira. Boma limalowa pakati n'kusenza gawo la malipiro kuti kampani kapena ofesi isaone kulemera. Ku United States ndondomeko ya Federal Work-Study inayamba mu 1964, ndipo nthawi zambiri boma limalipira magawo 75 pa 100 alionse a malipiro, otsalawo n'kulipira wolemba ntchito. Ku Nigeria bungwe la Industrial Training Fund linayambitsa SIWES, ndondomeko yotumiza ophunzira kukazolowera ntchito m'makampani, mu 1973 chifukwa makampani ankadandaula kuti omaliza maphunziro akubwera ndi za m'mabuku zokhazokha, manja osadziwa kanthu. Canada inayambitsa Student Work Placement Program mu 2017 pa chifukwa chonga chomwecho. Mayina ndi malamulo amasiyana, koma ndondomeko zonsezi zimapatsa wophunzira mwayi wozolowera ntchito.

Taganizirani tsiku limene mwana wanu adzakhale pamaso pa anthu atatu ofunsa mafunso a ntchito. Patsogolo pake palowa mnzake wa digiri yofanana ndi yake, mwinanso wokhoza bwino kumuposa. Funso n'lakuti, "Munayamba mwafananitsapo buku la ndalama la kampani ndi sitetimenti ya kubanki?" Mnzakeyo ayankha kuti anaphunzira m'chaka chachitatu. Mwana wanu ayankha kuti ankachita zimenezi mwezi ndi mwezi, ndipo tsiku lina ziwerengero zitakana kugwirizana anafufuza mpaka anapeza cheke chimene chinalembedwa kawiri. Ofunsawo asiya kulemba n'kumuyang'ana. Yankho lachiwirili silipezeka m'laibulale, ngakhale atawerenga usiku wonse kwa zaka zinayi.

Nkhawa yanu ya magiredi ndi yomveka, ndipo sindikuipeputsa. Ophunzira amene amagwa chifukwa cha ntchito ndi aja amaunjika maola mpaka kumaphonya makalasi. Mankhwala ake ndi kuika malire. Maola 10 mpaka 15 pa sabata ndi okwanira, ndipo asapitirire 20 nthawi ya makalasi. Tsiku loyamba apereke kwa woyang'anira wake ndandanda ya makalasi, ndipo masiku a mayeso akangotuluka amuuze pompo, osadikira kuti mawa ndi mayeso. Ubwino wa malo olipiridwa ndi boma ndi womwewu: womulandirayo amadziwa kuti walandira wophunzira, ndipo sukulu ndiyo imakhala patsogolo. Teremu ikatha magiredi atatsika, achepetse maola.

Tsopano kwa bambo. Ndalama zimenezi si malipiro oti n'kudyetsera banja. Zimabwera molingana ndi maola amene wagwira, zimakhala ndi malire, ndipo m'mayiko ena zimachedwa kufika. Ndi za mayendedwe ake, mabuku ndi zina zomuthandiza kuti amalize sukulu. Zimandipweteka ndikamaona mwana wa zaka 20 akusandutsidwa mzati wa pakhomo chifukwa cha kandalama ka ntchito yophunzirira. Mwana wotere amayamba kupempha maola owonjezera, kenako n'kusaka ganyu wina, ndipo zimene mayi ake ankaopa zija zimachitikadi. Za kulembedwa ntchito nazonso zichotseni m'mutu. Palibe boma limene limalonjeza kuti aliyense wodutsa m'ndondomeko yotere adzalembedwa. Nthawi ikatha amakuthokozani, malowo n'kupatsa wina. Ena amatengedwa ndithu, koma amatengedwa chifukwa woyang'anira anaona ntchito yawo ndipo malo anapezeka.

Iwe mwana, popeza ndikudziwa kuti mayi ako akuonetsa yankholi, nawenso ndili nawe mawu. Anzako ambiri akapatsidwa mwayi wosankha amathamangira malo opepuka, poti azikhala pa desiki n'kumaseweretsa foni mpaka maola akwane. Ndalama amalandira ndithu, koma chaka chimatha alibe chonena. Iwe sankha malo ogwirizana ndi maphunziro ako ngakhale ali kutali kapena bwana wake ndi wovuta. Pakatha mwezi ukungojambula mapepala pa makina ndi kutumidwa uku ndi uku, pita kwa woyang'anira mwaulemu ukapemphe ntchito yeniyeni, ngakhale yaing'ono, imene ungaiyambe ndi kuimaliza wekha. Akakana, kauze ofesi ya pa yunivesite imene inakutumiza, chifukwa ndi ntchito yawo kuona kuti ukuphunzira kanthu.

Khala ndi kope lolembamo zimene wachita sabata iliyonse, pulogalamu ya pa kompyuta imene wagwiritsa ntchito ndi vuto limene wathetsa. Pofika polemba CV udzakhala utaiwala theka lake. Ndipo kalata yokuchitira umboni uipemphe kusanathe milungu iwiri yomaliza, woyang'anira akadakukumbukira bwino, chifukwa pakatha chaka angakhale atasamuka.

Malo amenewa amakhala ochepa kuposa ofuna, ndipo ndalama zake zikatha zatha. Mayi, pomwe inu ndi bambo mukukangana, tsiku lomaliza kuvomera likuyandikira ndipo pali wina pa mndandanda amene akudikira kuti mwana wanu akane. Muimbireni lero, akasaine mafomuwo.