Kodi anthu a m'mafilimu akale ankangokokomeza? Yankho kwa amene anapatsa Casablanca 5

Sabata yathayi ndinalandira imelo kuchokera kwa mmodzi mwa inu. Ndaifupikitsa pang'ono:

"Ndayamba kuonera mafilimu akale aja anthu amawatama, ndipo ndikamaliza ndimapereka malikisi pa IMDb [tsamba la pa intaneti pomwe anthu amapereka malikisi ku mafilimu]. Vuto ndi lakuti ambiri sakundifika pamtima. Anthu ake amalankhula ngati akulakatula ndakatulo, akazi pang'ono pokha misozi ili mbwembwembwe, amuna kutong'ola maso. Casablanca ndinaipatsa 5 pa 10, mnzanga anandiseka mpaka kunena kuti filimu sindiidziwa. Kodi vuto lili ndi ine? Inuyo mumayeza bwanji ngati munthu wasewera bwino m'filimu ya zaka 80 zapitazo?"

Achimwene, 5 wanuyo musamufufute chifukwa choti wina waseka. Amene amandidetsa nkhawa ine ndi aja amapereka 10 ku filimu iliyonse ya zithunzi zakuda ndi zoyera pomwe theka lake aonera akusinza. Ngakhale akatswiri eni akewo samvana. Magazini ya ku Britain ya Sight and Sound yakhala ikufunsa anthu ounika mafilimu zaka 10 zilizonse kuyambira 1952 kuti yoposa zonse ndi iti. Ulendo woyamba inapambana Bicycle Thieves. Kuyambira 1962 mpaka 2002 Citizen Kane inakakamira pampando, mu 2012 Vertigo n'kuigwetsapo, mu 2022 nayonso n'kugwetsedwa. Mafilimu ake ndi omwe aja. Asintha ndi maso a oonera.

Pamene ndikusiyana nanu ndi apa: mwatenga zaka zambirimbiri za mafilimu n'kuziponya m'thumba limodzi lolembedwa kuti "kukokomeza". M'thumbamo muli zinthu zosafanana.

Isanatuluke The Jazz Singer mu 1927, mafilimu ambiri analibe mawu olankhula. Munthu ankayenera kunena zonse ndi manja, mapewa ndi maso, ndipo ambiri anachokera pasiteji, pomwe wokhala kumbuyo kwenikweni kwa holo amafunanso kuona kuti wakwiya. Palinso china chimene anthu sachidziwa. Makamera a nthawiyo ankapukusidwa ndi dzanja, ndipo nthawi zambiri ankajambula zithunzi zosakwana 24 pa sekondi. Filimu yotero ikaonetsedwa pa liwiro la 24, lomwe linakhazikika mawu atabwera, anthu amayenda ngati apondera moto. Mumaseka munthu pa mlandu wa makina. Choncho musanaweruze, onani kaye ngati kope limene mwapezalo lili bwino.

Komabe m'nthawi yomweyo muli nkhope zina zimene mpaka lero sindinaone woziposa. Mu 1928 Carl Theodor Dreyer anayandikiza kamera pankhope ya Renée Falconetti, wosadzola kanthu, m'filimu ya Joan of Arc, ndipo filimu yonse inakhala pa maso ndi milomo ya mayiyo. Kapena mathero a City Lights ya Charlie Chaplin, ya 1931. Ngati simunaionere dumphani ndime ino, ndiulula. Mtsikana wogulitsa maluwa anali wosaona, ndipo ankaganiza kuti amene anamulipirira kuchipatala ndi bwana wachuma. Tsopano akuona. Pakhomo pa shopu yake paima kamunthu kansanza, kongotuluka kumene kundende. Akukaseka, akukapatsa duwa ndi kakhobidi, akukagwira dzanja kuti akafumbatitse. Dzanjalo akulizindikira. Kamera ikupita pankhope ya Chaplin: duwa lili m'manja, chala chili pamano, akumwetulira koma mantha ali tho m'maso, chifukwa sakudziwa ngati amufunabe. Munthu yemwe uja wagwa m'madzi ndi kumenyedwa filimu yonse, apa sakusuntha n'komwe. Ndiye kuti kukula kwa zochita zake kunali kosankha, osati kulephera kuchita mwina.

Mawu atabwera, mavuto anasintha. Maikolofoni oyamba sankamva bwino munthu wolankhulira m'mphuno, choncho makampani anakatenga anthu a zisudzo za pasiteji odziwa kutchula mawu momveka. Kalankhulidwe kosalala kamene kakukunyansani kachokera kumeneko. Kenako kuyambira 1934 Hollywood inayamba kutsata mwamphamvu malamulo otchedwa Hays Code, omwe anakhalapo mpaka 1968. Za kuchipinda sankazionetsa, mawu ambiri sankaloledwa, wochimwa ankayenera kulangidwa filimu isanathe. Ndiye zimene pakamwa sipakanatha kunena, ankazinena ndi kayang'anidwe, kayatsidwe ka ndudu, kapena kutseka chitseko.

Casablanca, ya 1942, ili m'gulu limeneli. Ndikupempheni chinthu chimodzi. Bwererani pamene Ingrid Bergman wakhala pafupi ndi piyano akupempha woimba uja kuti amuimbire nyimbo yakale yomukumbutsa za chibwenzi chake cha ku Paris. Tsitsani mawu mpaka zii. Kamera imakhala pankhope yake nthawi yaitali ndithu, ndipo iye sachita chilichonse chooneka. Maso akunyowa pang'onopang'ono, akuyang'ana pansi chapambali, munthu ali m'chipindamo koma mtima uli ku Paris. Mukandiuza kuti pamenepo pali kukokomeza, ndidzavomera kuti tikuonera mafilimu awiri osiyana. (Woimbayo, Dooley Wilson, anali woimba ng'oma, piyano sankaitha, zala ankangoziyendetsa. Ambiri timaonera osazindikira, ndiye nayenso ntchito anaigwira.)

Chimene ife lero timati "kusewera ngati zenizeni" nachonso ndi kasewedwe chabe, kali ndi tsiku lake lobadwa. Kanachokera ku ziphunzitso za Konstantin Stanislavski wa ku Russia, n'kufalikira ku New York kudzera mwa aphunzitsi ngati Stella Adler komanso malo ophunzitsira osewera otchedwa Actors Studio, omwe anatsegulidwa mu 1947. Mukafuna kuona kasewedwe kakale ndi katsopano zikugundana m'chipinda chimodzi, onerani A Streetcar Named Desire ya 1951. Marlon Brando amalankhula chakudya chili m'kamwa, amadzikanda, mawu ena kuwameza. Vivien Leigh, wozolowera masiteji a ku London, mawu ake ndi opepuka ngati thonje, manja sakhazikika, chilichonse n'chokongoletsa. Woonera wa lero amathamangira kunena kuti Brando ndiye katswiri, Leigh akunyanyira. Ine ndinanenaponso zomwezo. Koma taganizani kuti Leigh akusewera ndani: mayi amene moyo wake wonse ndi chinyengo, wobisa zaka zake, wobisa botolo, woopa getsi lowala. Kudzipangitsako n'kwa mayi wa m'nkhaniyo. Ndipo chakumapeto, bodza likaphulika, mawu a Leigh amatsika n'kukhala okhakhala, a munthu wina. Pamenepo m'pamene umadziwa kuti zonse zija anazikonza dala. Pa mphoto za Oscar za chaka chimenecho Leigh, Kim Hunter ndi Karl Malden onse anapata. Brando, yemwe anasintha kasewedwe ka mibadwo yotsatira, anabwerako chimanjamanja, mphoto inapita kwa Humphrey Bogart wa m'Casablanca yemweyo, chifukwa cha The African Queen. Za mphoto zithere pomwepo, si muyeso woudalira.

Tsono ine ndimayeza bwanji? Funso loti "kodi anthu enieni amachita chonchi?" ndinalisiya kalekale, chifukwa limangokondera kasewedwe kamene ndinakulira. Ndimayang'ana munthu amene sakulankhula. Kulankhula aliyense amaloweza. Koma mnzake akamalankhula, iyeyu akumva, kapena akungodikira kuti nthawi yake ikwane? Mawu a mnzakeyo akumusintha kanthu pankhope, m'mapewa, m'kapumidwe? Wosewera wofooka, kaya wa 1935 kaya wa chaka chino, amazima ngati nyali akamaliza mzere wake.

Amene anandiphunzitsa zimenezi ndi Setsuko Hara mu Tokyo Story ya Yasujiro Ozu, ya 1953. Ndiulule manyazi anga: ulendo woyamba ndinaionera pafoni, uku ndikuyankha mauthenga, ndipo ndinalemba 4 m'kope mwanga ndi mawu akuti "palibe chikuchitika". Patapita zaka ndinaibwereza usiku, foni ili kutali. Hara akusewera mkazi wamasiye amene amasamala apongozi ake okalamba kuposa ana awo owabala. Filimu yonse akumwetulira. Poyamba umati ndi ulemu chabe. Ukayang'anitsitsa umaona kuti kumwetulirako kumachedwa kuchoka pankhope, ngati chinthu chimene wachigwirizira ndi mphamvu kuti chisagwe. Kumapeto apongozi ake aamuna akumuyamikira n'kumupatsa wotchi ya malemu akazi awo, iye n'kuphimba nkhope ndi manja onse awiri. Ndinadzuka kukayenda panja. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Chishu Ryu, amene akusewera nkhalambayo, anali ndi zaka 49 zokha, ndipo ukalamba wake suli m'imvi ayi, uli m'mene amakhalira pansi ndi mmene amachedwera kuyankha.

Musamve ngati ndikuti wabwino ndi wofatsa yekha. Toshiro Mifune mu Seven Samurai ya Akira Kurosawa, ya 1954, amakuwa, amadumpha, amaseka ngati wapenga. Pafupi naye Takashi Shimura amangodzisisita pamutu pomwe wameta. Wina angati Shimura ndiye wodziwa, Mifune ndi phokoso. Koma Mifune akusewera mwana wa mlimi amene akunamizira kukhala samurai, wankhondo wa ku Japan wakale, ndipo phokosolo n'lobisira manyazi. Pali pena waima m'madzi, chigayo chikuyaka kumbuyo kwake, wanyamula khanda limene makolo ake angophedwa kumene, n'kuyamba kulira chifukwa zomwezo zinamuchitikira iye ali mwana. Phokoso lonse lija limapeza mwini wake pamenepo. Kukokomeza kwenikweni ndi pamene munthu akuchita zazikulu popanda chimene chikumukankha mkati, akulirira ife oonera osati chimene chamupweteka. Zoterozo m'mafilimu akale zilimo zambiri, sindikana, ndipo ndikazipeza malikisi ndimadula osayang'ana chaka.

Pali chovuta china chimene sindinachithetse, ndingokuuzani kuti muzichikumbukira. M'filimu n'kovuta kudziwa kuti ntchito ya wosewera yathera pati. Lev Kuleshov wa ku Russia anaonetsa kalekale kuti nkhope imodzimodzi, yosasintha, ikalumikizidwa ndi chithunzi cha chakudya anthu amaona njala, ikalumikizidwa ndi bokosi la maliro amaona chisoni. Bambo wa mu Bicycle Thieves, Lamberto Maggiorani, sanali wa zisudzo, anali wantchito wa m'fakitale amene Vittorio De Sica anamusankha chifukwa cha maonekedwe ndi kayendedwe kake. Mu Black Girl ya Ousmane Sembène wa ku Senegal, ya 1966, nkhope ndi ya Mbissine Thérèse Diop koma mawu a maganizo ake amene timamva ndi a Toto Bissainthe wa ku Haiti. Malikisi apite kwa yani? Ine ndimapereka kwa amene ndikumuona, podziwa kuti kumbuyo kwake kwaima wotsogolera filimu, wojambula ndi wolumikiza zithunzi.

N'chifukwa chake nambala imodzi ya pa IMDb siindikwanira. M'kope mwanga filimu iliyonse ili ndi mizere iwiri. Woyamba ndi wa filimu yonse: inandigwira kapena ayi, ndingaibwerezenso kapena ayi. Pamenepo sindinama, ndipo sindiwonjezera kalikonse chifukwa choti "pa nthawi yake inali yapamwamba". Zimenezo n'za olemba mbiri. Wachiwiri ndi wa osewera, aliyense payekha, ndipo funso lake ndi lakuti: pa zimene filimuyi inamupatsa, anachita nazo chiyani? Mizere iwiriyi nthawi zina imatalikirana kwambiri. Gone with the Wind ya 1939 imandiwawa mtima ndi mmene imakometsera ukapolo, ndipo mzere woyamba ndinaupatsa zochepa. Koma Hattie McDaniel, amene anapatsidwa mbali yopapatiza ya wantchito wa m'nyumba, anaidzaza ndi nzeru ndi ukali moti akalowa m'chipinda maso amathawira kwa iye. Mu 1940 anakhala munthu wakuda woyamba kulandira Oscar, atakhazikidwa patebulo lapadera kutali ndi anzake a m'filimu yomweyo. Mzere wake ndinalemba 9. Ndikanakhala ndi nambala imodzi yokha, ndikanamulakwira iye kapena ndikanadzinamiza ndekha.

Chinanso chaching'ono: sindilemba malikisi usiku womwewo. Ndimagona kaye. Filimu ina imakoma poonera koma kukacha yauluka, ina imatopetsa koma nkhope imodzi imakutsata mpaka kuntchito.

Ndiye za Casablanca yanu ija. Ibwerezeni pa sikirini yokulirapo, musaikoke kuti idzaze mbali zonse chifukwa inajambulidwa yopapatiza, ndipo ulendo uno musiyeni Bogart, muziyang'ana Claude Rains, mkulu wa apolisi uja, makamaka pamene ena akulankhula. Akungoonerera ngati munthu amene akudziwa kale mathero a nkhani ndipo zikumusangalatsa. Mukamaliza n'kupeza kuti ikadali 5, isiyeni pa 5, mundilembere chifukwa chake. M'kope mwanga filimuyo ili ndi 8, Rains 9, Bergman 9, Bogart 8. Paul Henreid, mwamuna wake wa Bergman m'nkhaniyo, ndinamupatsa 5, ndipo ndaionera kanayi osapeza chifukwa chomukwezera.