Piriton, cetirizine kapena Otrivin: yankho kwa achemwali aku Chibavi

Achemwali, mwati m'mawa uliwonse mphuno zimatsekeka, mukuyetsemula, maso akuyabwa, ndipo Otrivin mwakhala mukudontheza kwa milungu itatu. Choyamba, Otrivin ameneyo musiyeni. Mankhwala ake, xylometazoline, amafinya timitsempha ta magazi m'mphuno, n'chifukwa chake mumapuma bwino pakangopita mphindi zochepa. Koma mukapitirira masiku 7, mphamvu yake ikatha mphuno zimatupa kuposa kale, inu n'kudonthezanso. Masiku oyamba mutasiya mudzavutika, pirirani. Zikakukanikani, yambani kusiya mphuno imodzi.

Kuyetsemula ndi kuyabwa kwa maso zikuloza ku aleji (thupi kudana ndi zinthu zina zomwe mukupuma), makamaka m'nyengo ya fumbi kapena ngati m'nyumba muli chinyezi ndi nkhungu m'makoma, zomwe kuno ku Mzuzu sizisowa. Piriton wa 4 mg amathandiza, koma amagwira maola 4 mpaka 6 okha ndipo amagonetsa. Oyendetsa minibasi kapena kabaza asamwe akupita ku ntchito, ndipo ndi mowa sayenderana. Cetirizine kapena loratadine wa 10 mg, piritsi limodzi patsiku, ndiye ndingakusankhireni. Ngati cetirizine akukupatsani tulo, imwani usiku.

Mapiritsiwa satsegula kwenikweni mphuno zotsekeka. Pamenepo pamafunika wopopera m'mphuno wa beclometasone, koma sachita changu: mupopere tsiku lililonse, kusintha kwenikweni kumaoneka pakapita sabata imodzi kapena ziwiri. Ambiri amasiya tsiku lachitatu ati sakugwira. Minani kaye, weramitsani mutu pang'ono, dzanja lamanja lipopere mphuno yakumanzere, kamlomo ka botolo kaloze chakukhutu, osati pakachichereŵechereŵe kapakati, apo ayi pamatuluka magazi. Musakoke mpweya mwamphamvu, mankhwala amangotsikira kukhosi.

Musanapopere tsukani m'mphuno ndi madzi amchere: theka la supuni ya tiyi m'kapu ya 250 ml ya madzi owiritsa ozizira.

Ngati muli ndi BP, pewani mankhwala a chimfine okhala ndi pseudoephedrine, amakweza kuthamanga kwa magazi. Amoxicillin sachiza aleji, musataye ndalama. Ngati ndinu oyembekezera kapena mumamwa ma ARV, awuzeni a ku famase asanakupatseni chilichonse. Mphuno ikatsekeka mbali imodzi yokha, kapena pakhala kutentha thupi, kupweteka kumaso ndi kubanika, pitani ku chipatala cha Mapale akakuoneni.