Kodi mungasumire boma chifukwa cha madzi?

Amayi ena a ku Kanyama, mu Lusaka, andilembera kufunsa ngati angatengere boma kukhoti, poti kwawo kulibe madzi abwino ndipo mwana wawo anadwala kolera. Funso lanu, amayi, landikhudza kwambiri.

Ine ndinakulira ku Chawama. Dzinja likafika zimbudzi zinkasefukira, madzi akuda n'kumayenda m'tinjira mpaka pakhomo, chitsime chathu chosazama chili pomwepo kuseri kwa nyumba. Mayi anga ankadzuka m'bandakucha kukafola pampopi, chigubu chilichonse n'cholipira. Ndalama ikatha tinkabwerera kuchitsime chija, iwo n'kumawiritsa madzi pambaula makala akakhalapo. Mng'ono wanga anagonekedwapo m'chipatala, maso atalowa m'kati, diripu ili pamkono. Ndiye kumayambiriro kwa 2024, National Heroes Stadium itasanduka chipatala cha kolera, ndinapsa mtima zedi. Zaka zonsezi, matenda omwewo, makomboni omwewo!

Konsitichushoni yathu ya Zambia imateteza moyo, ufulu wolankhula, wosonkhana ndi wopembedza mu Gawo 3. Koma madzi, chakudya, nyumba ndi chithandizo chamankhwala mulibe. Mu 1996 anaziika ngati mfundo zongotsogolera boma, n'kulemberatu kuti khoti silingazikakamize. Komishoni ya Mung'omba, younikanso konsitichushoni, mu 2005 inati zilowe m'ndandanda wa maufulu. Mwayi unabwera pa 11 Ogasiti 2016, pa referendamu ija ya diso ndi khutu. Ambiri mwa amene anavota anasankha diso, kuvomera, koma lamulo limafuna theka la anthu onse oyenera kuvota, ndipo chiwerengerocho sichinakwane. Anaiphatikiza ndi chisankho chapulezidenti, chipani cholamula panthawiyo cha PF chikuti inde, chotsutsa cha UPND chikukana, ndipo nkhani ya madzi a ana athu inamira m'mikangano ya zipani. Andale onsewo anatilakwira, sindibisa.

Ena amati dziko losauka silingalonjeze zotere. Ndikukana. Ku South Africa, mu 2002, khoti linalamula boma kupereka nevirapine, mankhwala oteteza mwana kuti asatenge HIV kwa mayi ake, kwa amayi oyembekezera, ndipo dziko silinagwe. Kenya inalemba maufulu otere m'konsitichushoni yake mu 2010. Ngakhale maphunziro aulere amene anayamba mu 2022 ndimawayamikira, koma sali mu Gawo 3, boma lina likhoza kuwachotsa.

Nanga muchite chiyani?

Kusumira mwachindunji kuti "ufulu wanga wa madzi waphwanyidwa" n'kovuta. Kampata kalipo: mu 2019 Supreme Court inagamula mokomera akaidi awiri okhala ndi HIV ku Lusaka Central, kuti kuwamana chakudya choyenera n'kuphwanya ufulu wa moyo. Sungani makadi akuchipatala a mwanayo, sonkhanitsani anansi amene anadwalanso, mupite limodzi ku Legal Aid Board kapena ku Human Rights Commission. Khansala wanu mum'funsenso pamsonkhano wa wadi kuti pa ndalama za CDF, thumba la chitukuko cha dera la phungu, zingati zapita ku mipopi ya ku Kanyama.