Mafunso a Owerenga: Masamba a Tiyi Tiwasunge M'chiyani?

Ndimagula paketi ya masamba a tiyi ya magalamu 250, koma pakangotha milungu iwiri tiyi amasukuluka ngakhale ndithire masamba ambiri. Ndimasunga m'botolo lagalasi pawindo la kukhitchini. Vuto ndi masamba kapena botolo? Mayi wa ku Ndirande

Mayi, masambawo alibe mlandu. Akamatuluka m'mafakitale a ku Thyolo ndi ku Mulanje amakhala atauma gwa, chinyezi chotsalamo chili pafupifupi magawo 3 pa 100 alionse. Kuuma kumeneko n'kumene kumasunga fungo ndi kukoma, komanso n'kumene kumachititsa kuti masambawo azikoka chinyezi ndi fungo la chilichonse chimene ayandikana nacho. Pawindopo dzuwa likulowa m'galasi n'kumawatenthetsa masana onse, ndipo mukamatsegula botolo pafupi ndi ketulo yowira, nthunzi imalowamo.

Botololo musalitaye ngati chivindikiro chake chili chabwino. Lichotseni pawindo, muliike m'kabati mwamdima, kutali ndi mbaula. Koma choposa galasi ndi chitini, chifukwa kuwala sikulowamo n'komwe. Chitini cha mkaka waufa chokhala ndi chivindikiro chapulasitiki chothina chimagwira ntchito bwino kuposa zitini zambiri zokongoletsedwa za m'sitolo, zimene zivindikiro zake zimangokhala pamwamba osagwira. Poyesa, panitsani kapepala kopyapyala pakamwa pa chitini, mutseke, kenako mukoke. Kakasololoka mosavuta, mpweya ukulowa.

Kukula kwa chitini anthu ambiri sakulabadira. Masamba ochepa m'chitini chachikulu amagonera limodzi ndi mpweya wambiri, ndipo mpweyawo ndi umene umawasukulutsa. Magalamu 250 a masamba atimibulu, amene ambirife timamwa, amakwana m'chitini chosapitirira lita imodzi. Pa supuni yaing'ono imodzi pakapu, amenewo ndi makapu pafupifupi 100, choncho banja laling'ono limatsegula chitinicho kambirimbiri asanathe. Gawani pawiri: a sabata imodzi m'kachitini kakang'ono, otsalawo akhale m'paketi yawo, mutafinya mpweya, kupinda kukamwa ndi kumanga ndi labala, n'kuiponya m'chitini chachikulu. Supuni yotapira ikhale youma nthawi zonse.

Tiyi wanga akumveka fungo la sopo. Ndinathira masamba m'kabokosi kapulasitiki kamene ndinatsuka bwinobwino. Bambo wa ku Area 25, Lilongwe

Bambo, pulasitiki imamwa fungo ndipo imalibweza pang'onopang'ono, moti mphuno yanu singalimve koma masamba amalitola. Mwina ndi sopo wotsukira yemweyo, mwinanso kabokosiko kali shelefu imodzi ndi sopo. Usipa, anyezi, palafini, khofi ndi zokometsera ndiwo zimachita chimodzimodzi. Masamba amene atenga kale fungo sabwerera. Kuwayanika n'kutaya nthawi.

Chotengera chilichonse chakale muchiyese kaye. Chitsukeni ndi madzi otentha ndi soda, chiume padzuwa tsiku lathunthu chili chotsegula, kenako muchitseke usiku wonse. M'mawa tsegulani mununkhize. Mukamva kanthu, chisiyeni. Pa mabotolo a chiponde kapena a mayonezi, galasilo limayera, koma fungo limabisala m'kampira ka mkati mwa chivindikiro. Chitini chokha musachiviike m'madzi kawirikawiri, chifukwa madzi amatsalira m'mphepete momwe chinalumikizidwa n'kuyambitsa dzimbiri. Kuchipukuta ndi nsalu youma n'kokwanira.

Ndili ndi tiirumu ndipo masamba ndimagula makilogalamu angapo nthawi imodzi. M'miyezi yozizira amagwirana n'kumanunkha chuku. Ndiziika m'furiji? Mwini tiirumu wa ku Limbe

Ayi, furiji ingowonjezera vuto. Mukatulutsa chotengera chozizira n'kuchitsegula, mpweya wapanja umasanduka timadontho pamasamba, ngati thukuta la pabotolo la fanta yozizira. Mukatero m'mawa uliwonse, masamba amanyowa msanga kuposa akanakhala pashelefu.

Kwanuko chiperoni chikamawaza, kuyambira cha m'Meyi mpaka Ogasiti, mpweya umakhala wonyowa masiku angapo otsatizana, ndipo thumba lotsegula limayamwa usana ndi usiku. Tsiku limene mwagula, kukhale kouma, gawani masambawo m'timatumba tapulasitiki tochindikala ta theka la kilogalamu. Finyani mpweya, mangani, muike tonse m'ndowa yatsopano ya chivindikiro chothina imene sinasungepo penti kapena mafuta. Ndowayo isakhale pasimenti kapena kutsamira khoma, iikeni pathabwa. Muzitulutsa kathumba kamodzikamodzi, ndipo masamba atsopano musawathire pamwamba pa akale, chifukwa apansiwo amakhalitsa mpaka kuwononga onse. Amene agwirana kale ndi kununkha chuku atayeni, musawapatse makasitomala.

Ndinapatsidwa kamtsuko kadothi kokongola ndi tiyi wobiriwira wa ku Thyolo. Ndithiremo? Chemwali wa ku Zomba

Dothi losapakidwa zonyezimira limapuma: n'chifukwa chake madzi a mumtsuko amazizira. Kwa masamba, kupumako ndi chinyezi cholowa. Ngati mukufuna kamtsukoko, ikanimo tiyiyo ali m'paketi yake yotseka.

Tiyi wobiriwira sachedwa kufooka poyerekeza ndi wakuda, chifukwa masamba ake amawatenthetsa atangothyoledwa kuti asade, ndipo mpweya ndi kuwala zimapitiriza ntchito imene fakitale inaimitsa. Wakuda wosungidwa bwino amatha chaka kapena ziwiri. Wobiriwira mumumalize m'miyezi 6 mukatsegula. Akayamba kuoneka wachikasu ndi kununkha ngati udzu wouma, ndiye kuti wadutsa. Masamba ake aataliatali amafuna malo ambiri kuposa atimibulu, ndipo musawakanikize kuti akwane, amaphwanyika n'kumawawa m'kapu. Mtundu uliwonse ukhale ndi chitini chake. Chidede chouma ndi udzu wa mandimu zikhale pazokha.