Mitengo ya kanjedza yolimba m'chisanu: mayankho a mlangizi

Mwezi uno mafunso a mitengo ya kanjedza abwera angapo, ndipo awiri achokera kwa abale athu okhala ku Britain.

Mayi wina wa ku Leeds walemba kuti: "Ndikufuna mtengo wondikumbutsa kunyanja kwathu ku Salima. Kodi ulipo wa kanjedza umene ungapirire kuno, kumene madzi amaundana m'ndowa?"

Ulipo mayi, koma mgwalangwa, chiwale ndi kokonati muiwale, chifukwa imeneyi ndi mitengo ya kotentha. Ngakhale kanjedza wathu wa m'mphepete mwa mitsinje amapsa masamba kuzizira kukangotsika pang'ono pansi pa 0°C. Kumalo ogulitsira mbande kafunseni Trachycarpus fortunei, umene ena amautcha Chusan palm. Kwawo ndi ku China, ndipo katswiri wa zomera Robert Fortune ndiye anautumiza ku Britain mu 1849. Ukakula umapirira mpaka cha m'ma -15°C. Thunthu lake limakutidwa ndi ulusi wokhakhala ngati chiguduli, masamba ake ndi otambasuka ngati chikhatho, ofananako ndi mlaza, ndiye kwanu kuja muzikukumbukirabe.

Chimene mtengowu umadana nacho kwambiri ndi mphepo, imene imang'amba masamba n'kuwasiya ngati nsanza. Ngati pakhomo panu ndi pamtetete, gulani mbale wake, Trachycarpus wagnerianus, wa masamba aang'ono olimba. Pali mtengo wina umene amautamanda kuti ndi wolimba kuposa yonse, Rhapidophyllum hystrix wa kum'mwera chakum'mawa kwa America, ndipo n'zoona kuti umapirira -20°C. Koma kuti ukule umafuna miyezi yotentha kwambiri, imene Leeds alibe. Ine sindingakulangizeni kutayirapo ndalama.

Bzalani mu May, kuti mizu igwire kusanazizire. Dothi la kumeneko likakhala ladongo, sakanizani ndi timiyala ndipo mubzale pakamulu kuti madzi asadikhe pamizu. Musausiye m'chidebe panja nyengo yonse yozizira: mizu imafa msanga kuposa masamba, ndipo dothi la m'chidebe limaundana lonse usiku umodzi.

Bambo wina wa ku Manchester akudandaula kuti kanjedza wake wa mtundu wa Phoenix canariensis wafiira masamba onse, ndipo atakoka tsamba la pakati lija losatambasuka, lazuka lili lonunkha. Akufunsa ngati audule.

Dikirani kaye bambo. Kanjedza sali ngati mango kapena bulugama amene mukawadula amaphukira pena. Thunthu lililonse lili ndi mtima umodzi wokha, pamwamba pomwe pamatulukira masamba, ndipo mtimawo ukafa thunthulo lapita. Tsamba kuzuka sikutanthauza kuti mtima wafa. Chimene chimachitika n'chakuti madzi a mvula amatsikira m'kati mwa masamba, usiku n'kuundana, masana n'kusungunuka, tsinde la tsamba lanthetelo n'kuvulala, kenako kuola n'kuyamba. Ntchito yanu ndi kuletsa kuolako kusanafike pamtima. Chotsani zonse zofewa, thirani m'dzenjemo mankhwala a kopa ophera fangasi, omwe aja timapopera tomato, kenako muikepo kadenga koti mvula isalowe koma mpweya uzidutsa. Masamba ofiirawo asiyeni mpaka chisanu chitatha, akutchinga mtimawo. Pofika July mukaona kansonga kobiriwira kakutuluka, ngakhale kopindika, ndiye kuti mtengo wapulumuka. Mukaona zii mpaka August, zulani.

Ndisakunamizeni, Phoenix canariensis ku Manchester ndi juga. Umayamba kuvulala cha m'ma -8°C, ndipo mu December 2010, pamene Britain inazizidwa modetsa nkhawa, mitengo yambiri ya mtunduwu inafa. Cordyline, wa ku New Zealand uja amene anthu amamuyesa kanjedza pamene si kanjedza, nayenso anagwa chaka chimenecho, koma ambiri anaphukira patsinde. Ngati muli naye ameneyu musathamangire kumuzula.

Chaka chamawa, akalengeza za chisanu choopsa, mangani masamba pamodzi ndi chingwe, mukulunge ndi nsalu yopyapyala yotetezera mbewu kapena chiguduli, ndipo patsinde muunjikepo masamba ouma. Pulasitiki ayi. Amasunga chinyezi, ndipo ndaonapo mbande zambiri zitaola chifukwa cha chikondi chotere cha eni ake. Kukangofundako, vundukulani.

Funso lomaliza ndi la mlimi wa ku Dedza amene akumanga nyumba ya alendo pafupi ndi dambo, ndipo mbande zake za kanjedza zinapsa mu July.

Inu bambo vuto lanu ndi laling'ono. Chisanu cha kwanu, ngati cha ku Johannesburg, chimabwera kuli kouma ndipo dzuwa likatuluka chimatha, n'chifukwa chake ku Johannesburg Phoenix canariensis yemweyo amakula mpaka kukhala chimtengo. Chakupwetekani ndi malo. Mpweya wozizira umalemera, ndiye usiku umatsetsereka ngati madzi n'kukadikha m'dambo. Mukuona nokha mmene mbatata ya kudimba imapsera pamene ya kumtunda ili bwinobwino. Samutsirani mbandezo kumtunda, mbali ya kumpoto kwa nyumba kumene dzuwa la June limawomba ndipo khoma limasunga kutentha. Bzalani mvula ikayamba mu December, musiye feteleza pofika April kuti pasatuluke masamba anthete nthawi yozizira, ndipo m'zaka ziwiri kapena zitatu zoyambirira muzizimangira kachisakasa ka udzu kuyambira June mpaka kumayambiriro kwa August.