Gore anapeza mavoti ambiri, nanga Bush analowa bwanji mu 2000?

Owerenga athu ena a ku Kasungu atilembera pa imelo kuti: "Ndamva kuti mu 2000 Al Gore anapeza mavoti ambiri kuposa George W. Bush, koma amene analumbira ndi Bush. Kodi anamubera, kapena masamu a ku America ndi ena?"

Zikomo bambo, masamuwo ndi enadi. Pa 7 November 2000 Gore anaposa Bush ndi mavoti opitirira 500,000 m'dziko lonse, koma kumeneko chiwerengero chimenecho sichiika munthu pampando. Amene amasankha pulezidenti ndi nthumwi 538 za Electoral College, ndipo wopambana amafunika 270. Chigawo chilichonse chimakhala ndi nthumwi zofanana ndi aphungu ake a m'nyumba ziwiri za malamulo, pomwe mzinda wa Washington uli ndi zitatu. Kupatula Maine ndi Nebraska, amene watsogola m'chigawo amakokolola nthumwi zonse, olo atatsogola ndi voti imodzi. N'chifukwa chake mavoti ochuluka amene Gore anaposa nawo Bush ku California ndi ku New York sanamuwonjezere nthumwi ina iliyonse.

Nkhani yonse inatsalira pa chigawo cha Florida ndi nthumwi zake 25. Usiku wa chisankho, mawayilesi a kanema anayamba anena kuti watenga ndi Gore, n'kubweza mawu. Kenako anati ndi Bush, n'kubwezanso. Gore anali ataimbira kale Bush foni yovomera kugonja, ndiye anaimbanso kuti iyayi, tidikire kaye. Kutacha, Bush ankatsogola ndi mavoti 1,784 pa mavoti pafupifupi 6 miliyoni, ndipo lamulo la Florida linakakamiza kuti makina awerengenso.

Apa ndi pomwe panagona vuto. M'maboma ambiri anthu sankachonga ayi, ankaboola khadi ndi kachitsulo kosongoka. Makina owerengera ankadalira kuwala kodutsa pabowolo. Kachidutswa ka pepala kakapanda kuthothoka, n'kumalendewera ndi ngodya imodzi, kapena kakangofwafwanyika chabe, makina ankaona ngati munthuyo sanavote. Powerenga pamanja, ogwira ntchito ankatukula khadi lililonse n'kulipenyetsetsa pa getsi, ena ndi galasi lokulitsira, kwinaku akukangana ngati pamenepo pali voti. Boma lililonse linali ndi muyezo wakewake.

M'boma la Palm Beach, ku Florida konko, ndiye zinanyanya. Mayina anawasindikiza pa masamba awiri oyang'anizana, mabowo n'kukhala mumzere umodzi pakati. Gore anali wachiwiri kumanzere, koma bowo lake linali lachitatu. Lachiwiri linali la Pat Buchanan, wopikisana nawo wa chipani china, yemwe dzina lake linali kumanja. Buchanan anapeza mavoti 3,407 m'dera limene analibe omutsatira ambiri, ndipo makhadi pafupifupi 19,000 anatayidwa chifukwa anabooledwa kawiri. Voti yotere ilibe mankhwala, ngakhale muwerenge kakhumi.

Pa 26 November, Katherine Harris, mkulu woyang'anira zisankho ku Florida, analengeza kuti Bush wapambana ndi mavoti 537. Pa 8 December khoti lalikulu la Florida linalamula kuti makhadi amene makina sanaonepo voti awerengedwe pamanja m'chigawo chonse. Mawa lake khoti lalikulu la dziko lonse linaimitsa ntchitoyo, ndipo pa 12 December oweruza 5 mwa 9 anagamula kuti kuwerenga kuthere pomwepo, poti miyezo inali yosiyana ndipo nthawi yokonza inali itatha. Gore anavomera pa 13 December. Bush anatsiriza ndi nthumwi 271, Gore 266, chifukwa nthumwi imodzi ya ku Washington inasiya dala pepala lake losalembapo.

Anamubera? Ife sitinganene choncho, chifukwa si nkhani yofufuta manambala ngati ya Tippex ija ya 2019 kwathu kuno. Komabe kukayika kwa anthu n'komveka. Harris anali mmodzi mwa atsogoleri a kampeni ya Bush ku Florida, ndipo bwanamkubwa wa chigawocho anali Jeb Bush, mng'ono wake wa George W. Bush. Wosewera sayenera kugwiranso wezulo.

Mu 2002 aphungu anakhazikitsa lamulo la Help America Vote Act, lopereka ndalama zochotsera makina oboola aja. Electoral College sanaikhudze, moti mu 2016 zinachitikanso: Hillary Clinton anaposa Donald Trump ndi mavoti pafupifupi 2.9 miliyoni, koma osalowa.

Musaiwalenso kuti Ralph Nader wa chipani cha Green anatenga mavoti opitirira 97,000 ku Florida konko, komwe Gore anagonja ndi mavoti 537 okha, ndiponso kuti Gore anagonja kwawo kwenikweni ku Tennessee. Akanangotenga nthumwi 11 za kwawoko, za Florida bwenzi zilibe ntchito.