Zipani za ndale ndi kudzudzula maboma akunja: yankho kwa amene afunsa

Achimwene, mwafunsa ngati pali chipani cha ndale chomwe chili ndi mbiri yolimba mtima pouza maboma akunja kuti asiye kuphwanya ufulu wachibadwidwe wa anthu awo, ndipo ndaona kuti ambiri amene akuyankhani akungotchula zipani zomwe amazikonda. Maganizo anga ndi akuti chipani chiyenera kuyesedwa ndi zimene chinachita chili m'boma, makamaka pamene wolakwayo anali bwenzi logula zida, logulitsa mafuta kapena lopereka ngongole, popeza kudzudzula mdani, kapena kudzudzula uli kumbali yotsutsa boma, sikuwonongetsa kanthu.

Tiyambe ndi ku Britain. Chipani cha Labour chitapambana chisankho mu 1997, Robin Cook, amene anali nduna yoona za ubale ndi maiko ena, analengeza kuti ufulu wa anthu ukhala patsogolo pa ubale wa dzikolo ndi maiko anzake. Komabe ndege zankhondo za Hawk zinapitiriza kutumizidwa ku Indonesia, dziko lomwe asilikali ake ankapondereza anthu a ku East Timor, ndipo chifukwa chomwe chinaperekedwa n'chakuti mapangano ake anasainidwa ndi boma lakale. Mu Disembala 2006, pansi pa ulamuliro wa Tony Blair, kafukufuku wa ziphuphu pa malonda a zida a kampani ya BAE Systems ndi Saudi Arabia anaimitsidwa ponena kuti akuika chitetezo cha dziko pachiswe. A chipani cha Conservative nawonso alibe chodzitamandira: Margaret Thatcher anakana kwamtuwagalu zilango zamphamvu za chuma pa boma la tsankho la South Africa ngakhale maiko a Commonwealth ankamukakamiza, ndipo David Cameron, amene anakwiyitsa China pokumana ndi Dalai Lama, mtsogoleri wa chipembedzo wa ku Tibet, mu 2012, ndi yemweyo amene analandira mtsogoleri wa China Xi Jinping mwaulemu waukulu ku London mu 2015.

Ku America nkhani yake siisiyana kwenikweni. Jimmy Carter wa Democratic amakumbukiridwa ngati mtsogoleri amene anaika ufulu wa anthu pamtima, koma pa tsiku lomaliza la 1977 anali ku Tehran akuyamikira Shah, mfumu ya Iran, amene apolisi ake achinsinsi ankazunza otsutsa. Joe Biden pochita kampeni analonjeza kuti Saudi Arabia adzaisala chifukwa cha kuphedwa kwa mtolankhani Jamal Khashoggi ku Istanbul mu 2018, koma mu Julayi 2022, mafuta atakwera mtengo, anapita ku Jeddah kukaonana ndi Mohammed bin Salman, kalonga wolamulira dzikolo. Chimene chimandichititsa chidwi n'chakuti mu 1986 Ronald Reagan atakana kusaina lamulo lopereka zilango ku South Africa, aphungu ambiri a chipani chake cha Republican anagwirizana ndi a Democratic, ndipo nyumba ya Senate inagonjetsa kukana kwakeko ndi mavoti 78 kwa 21. Zimenezi zikusonyeza kuti nthawi zina mbiri yabwino imakhala ya aphungu olimba mtima, ngakhale mtsogoleri wa chipani chawo ali kwina.

Chitsanzo chomwe ndikufuna muchiganizire mofatsa ndi cha ANC ya ku South Africa, chifukwa chimaonetsa mtengo womwe munthu amalipira akalankhula. Pa 10 Novembala 1995, boma la asilikali la Sani Abacha ku Nigeria linanyonga mlembi ndi womenyera ufulu Ken Saro-Wiwa ndi anzake asanu ndi atatu a mtundu wa Ogoni, atsogoleri a Commonwealth ali pa msonkhano ku Auckland. Nelson Mandela, amene mpaka tsiku limenelo ankakhulupirira kuti kukambirana mwakachetechete kuwapulumutsa, anapsa mtima, nalimbikitsa kuti Nigeria iimitsidwe mu Commonwealth, ndipo zimenezo zinachitikadi. Koma atapempha kuti maiko asiye kugula mafuta a Nigeria, anapezeka ali yekhayekha, atsogoleri anzake a mu Africa atamutalikira, ndipo Nigeria inachita kukana kutumiza timu yake ku mpikisano wa mpira wa African Cup of Nations womwe unachitikira ku South Africa mu 1996. ANC inaphunzirapo kanthu, ndipo zaka zotsatira Thabo Mbeki anasankha njira yonong'oneza pa nkhani ya Zimbabwe ya Robert Mugabe. Mu 2007 South Africa inavotera kukana chigamulo cha Security Council, nthambi ya United Nations yoona za chitetezo, chodzudzula boma la asilikali la Myanmar, ndipo mu Juni 2015 Omar al-Bashir wa Sudan, amene ankafunidwa ndi ICC, khothi la padziko lonse loweruza milandu ikuluikulu yochitira anthu nkhanza, anachoka ku South Africa mwamtendere ngakhale khothi la komweko linali litalamula kuti asatuluke m'dzikomo. Boma la chipani chomwecho ndi limene linasumira Israel ku ICJ, khothi la United Nations loweruza milandu ya pakati pa maiko, mu Disembala 2023 pa nkhani ya Gaza, choncho mbiri yake ndi yamawangamawanga, ndipo aliyense amatolamo chomwe chikumukomera.

Al-Bashir yemweyo anaonetsanso mmene zipani za ku Malawi zinachitira. Boma la DPP la Bingu wa Mutharika linamulandira ku Lilongwe pa msonkhano wa COMESA mu Okutobala 2011 ngakhale khothi la ICC linkamufuna, pamene Joyce Banda wa PP anakana kumulandira mu 2012, mpaka msonkhano wa African Union unasamutsidwira ku Addis Ababa. Tisaiwale komabe kuti mayiwa sanabise kuti ankaopanso kukhumudwitsa maiko opereka thandizo, omwe anali atangoyamba kubwerera.

Ngati mukufuna kuyesa chipani chilichonse nokha, musakhutire ndi mawu akuti nkhani ya ufulu tinaikambirana kumbali, amene nduna zimakonda kunena zikabwerako ku ulendo, chifukwa palibe amene angawatsimikize. Funsani mmene boma lake linavotera ku United Nations, makamaka ku Human Rights Council ya ku Geneva, ziphaso zogulitsira zida zomwe linapereka kapena kuimitsa, ndiponso ngati mtsogoleri wake anatchula poyera dzina la mkaidi wa ndale ali m'dziko lomwe lam'tsekeralo. Mwachitsanzo, mu Seputembala 2024 boma la Labour linaimitsa ziphaso pafupifupi 30 mwa ziphaso pafupifupi 350 zotumizira zida ku Israel. Ena anati zachepa, ena anati zanyanya, koma nambala zimenezo zilipo ndipo mungathe kuziyerekeza ndi zomwe chipanicho chinkanena chisanalowe m'boma.